Moyale ya asilikali a m'thupi ili m'matumbo

Loweruka lapitali ndinakhala pafupifupi ola lathunthu m'minibasi pa depoti ya Mzuzu, kudikira kuti idzaze tipite ku Nkhata Bay. Kunja kunkawaza kamvula kathu kaja kosasamala za nyengo. Pawindo panafika bambo wina wovala jekete laudongo, atakolekera chikwama cha mabotolo paphewa, pakamwa pali posalala ngati pa mlaliki wa pamsika. Akuti botolo limodzi limatsuka m'mimba, limachotsa poizoni, komanso "limakweza chitetezo", makamaka kwa "anzathu amene ali pa mankhwala aja". Dzina la matenda sanalitchule, koma m'minibasi monse tinamva. Mayi amene anakhala pambali panga anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa ndalama zopindapinda, nagula awiri. Pomwe ankawalowetsa m'jumbo ndinaona kabuku ka kuchipatala kothimbirira, kokutidwa ndi pepala la shuga.

Ndinangokhala chete, ndipo mpaka lero zikundidya mumtima.

Mawu akuti "kukweza chitetezo" atidyera ndalama kwa zaka zambiri, ndipo mwina tinawalima tokha. Pophunzitsa anthu za HIV tinasankha fanizo la asilikali: kachilombo kamapha asilikali a m'thupi, aja timawatcha CD4, asilikali akachepa adani amalowa. Fanizoli ndi loona, koma limasiya chithunzi cha gulu lankhondo lofooka, logona tulo, longofunika kulidzutsa ndi kapu ya mankhwala owawa. Zimene ofufuza apeza m'zaka 30 zapitazi n'zosiyana ndi chithunzi chimenecho. Chitetezo cha munthu amene ali ndi HIV chimakhala chodzuka kale, usana ndi usiku, chaka ndi chaka, ngati galu wa pakhomo amene akuuwa chilichonse mpaka mawu kusasa. Kusagona tulo kumeneku n'kumene kumamaliza thupi. Ndipo chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene zimamuuwitsa galuyo chili m'mimba.

Poyeza CD4 amatenga magazi pamkono, n'chifukwa chake ambirife timaganiza kuti asilikaliwa amakhala m'magazi. M'magazi mumangodutsa ochepa, ngati amene timakumana nawo pa rodibuloko. Moyale yawo, kunena kampu yaikulu ngati ya asilikali ija ya ku Mzuzu, kumene kuli chinamtindi, ndi m'matumbo. Chifukwa chake n'chomveka. Matumbo a munthu wamkulu mutawatambasula ndi timakwinya take tonse angakute malo okwana pafupifupi masikweya mita 30, kukula ngati nyumba ya lendi ya chipinda ndi pabalaza ku Chibavi. Mbali imodzi kuli chakudya chogayika ndi mabakiteriya ochuluka ngati maselo a thupi lonse. Mbali inayo kuli magazi. Cholekanitsa ziwirizi ndi khoma la maselo a mzere umodzi wokha, lopyapyala kuposa khungu la anyezi. Malire otere simungawasiye opanda alonda.

Tsoka lake n'lakuti alonda a pamalire amenewa ndi ndiwo yomwe HIV imakonda. Kuti kalowe mu selo, kachilomboka kamafuna zogwirira ziwiri, CD4, chomwe chinapatsa asilikaliwa dzina, ndi china chotchedwa CCR5, ndipo kamaswana bwino mu selo imene ili kale pa ntchito. Maselo a CD4 a m'matumbo ambiri ali ndi CCR5, komanso sakhala manja lende chifukwa tsiku lililonse akuyang'anizana ndi tizilombo. Mu 1998 Ronald Veazey ndi anzake ku America anaonetsa kuti anyani opatsidwa SIV, kachibale ka HIV, ankataya gawo lalikulu la maselo amenewa m'matumbo m'masabata oyambirira enieni, pamene m'magazi zinthu zinkaoneka ngati zili bwino. Mu 2004 magulu awiri a ofufuza anapeza zomwezo mwa anthu.

Taganizirani nthawi yake. Masabata awiri, atatu chitengereni kachilombo. Munthu akungomva kuphwanya m'thupi, kutentha, mwina zilonda kukhosi ndi mwanabele, kapena sakumva kalikonse. Akuti ndi malungo, akugula panado pa okala, akupita kuntchito. Ngakhale atapita kukayezetsa, kachipangizo kobaya pachala kaja kakhoza kuonetsa kuti alibe, chifukwa thupi silinapange zimene kamafufuza. Koma ku Moyale kwapsa kale. Zaka zisanu kapena zisanu ndi zitatu zimene timati munthu "ali bwinobwino" zimayamba nyumba itadyedwa kale ndi chiswe m'kati.

Pakati pa ophedwawo pali gulu lotchedwa Th17, lomwe ndimalitcha amisiri a khoma. Ndi iwo amene amauza maselo a khoma la matumbo kuti amatane zolimba, akonze pong'ambika, atulutse mankhwala othamangitsa tizilombo. Amisiri akatha, khoma limayamba kuchucha. Mu 2006 Jason Brenchley, Daniel Douek ndi anzawo anayeza magazi a anthu omwe ali ndi HIV napezamo zidutswa za zikopa za mabakiteriya a m'matumbo, zotchedwa LPS, zochuluka kuposa mwa anthu opanda kachilombo. Amene anali ndi LPS wambiri ndi omwenso chitetezo chawo chinali chotekeseka kwambiri. Thupi likanunkhiza LPS limaganiza kuti mdani walowa m'mudzi, limaliza ng'oma, asilikali amadzuka. Asilikali odzuka ndi omwe HIV imawagwira mosavuta. Kachilombo kamaswana, khoma limaonongekabe, ng'oma imalirabe. Maselo ambiri amene amafa m'zaka zimenezi sanalowedwe n'komwe ndi kachilombo, amangofa ndi kutopa komanso moto wa nkhondo yosatha. M'timagulu ta mwanabele, momwe asilikali atsopano amaleredwa, mumayamba kuchita zipsera, kotero kuti olowa m'malo amachepa.

Kale m'zaka za m'ma 1990, Janis Giorgi wa ku Los Angeles anali ataona kuti chizindikiro cha kutekeseka kwa chitetezo, chotchedwa CD38, chinkalosera bwino kwambiri amene adwale msanga Edzi. Koma umboni umene umandigwira mtima ine ndi wa apusi. Inde, apusi a mtundu womwewu wotibera chimanga m'minda. Iwo ndi abale awo, kuphatikizapo anyani a ku West Africa otchedwa sooty mangabey, akhala ndi SIV kwa zaka zikwizikwi. Kachilombo kamakhala kochuluka zedi m'magazi mwawo, koma pafupifupi onse sadwala Edzi. Chinsinsi chawo si chitetezo champhamvu chogonjetsa kachilombo, popeza kachilomboko kalipo ndipo kakuswana. Chimene amatha ndi kuzimitsa ng'oma: patangopita masabata ochepa chitetezo chawo chimadekha, amisiri a Th17 amatsala, khoma la matumbo silichucha. Kachilombo ka mtundu womwewo mukakapatsa anyani a ku Asia otchedwa rhesus macaque, omwe sanazolowerane nako, chitetezo chimayaka osazima ndipo nyamayo imafa ndi Edzi. Pusi amapulumuka chifukwa chodekha. Ndiye wina abwere pawindo la minibasi kudzatigulitsa chodzutsira chitetezo?

Kunena zoona, ife a kuno sitinafunikire makina kuti tidziwe zoti matendawa ali ndi nkhani ndi m'mimba. Mu 1985, chaka chomwe Malawi inatsimikiza wodwala Edzi woyamba, David Serwadda ndi anzake ku Uganda analemba za nthenda yatsopano imene anthu a ku Rakai ankaitcha "slim", ya kutsekula m'mimba kosatha ndi kuwonda. Ife tinkati kaliwondewonde. Amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira mabeseni pansi pa bedi, zitenje zoyanikidwa kuseri kwa nyumba kuti anansi asaone, azakhali akuthyola masamba a gwafa. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Melita Gordon ndi anzake analemba mu 2002 za mabakiteriya a salmonella, omwe kwa munthu wina amangotsekula m'mimba masiku angapo, koma mwa akuluakulu omwe ali ndi HIV ankadutsa khoma n'kulowa m'magazi. Pafupifupi theka la odwalawo ankamwalira ali m'chipatala, ndipo mwa opulumuka 100 aliwonse, pafupifupi 43 matendawo ankawabwereranso. Uko ndiko kuchucha kwa khoma kooneka ndi maso.

Ma ARV anasintha zonsezi, ndipo pasakhale wondimva molakwa. Chiyambireni kuperekedwa kwaulere mu 2004, maliro a achinyamata anachepa, ndipo kafukufuku wa ku Karonga anali m'gulu la oyamba kuonetsa, mu 2008, kuti imfa za akuluakulu zayamba kutsika. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 aliwonse amene ali pa mankhwala, pafupifupi 97 kachilombo kanali katagonja m'magazi. Palibe chinthu china chilichonse chimene chimatontholetsa ng'oma ija kuposa piritsi limodzi la tsiku ndi tsiku. Komabe matumbo sachira msanga ngati magazi. Munthu amene wayamba mankhwala mochedwa, CD4 ya m'magazi imakwera, thupi limabwerera, koma m'matumbo asilikali sabwerera onse, ndipo kamoto kamatsala kakunyeka pansi pa phulusa. Madzi akatayika saoleka.

Apa ndi pamene nkhani ya m'matumbo imasanduka nkhani ya zochita zathu. Kwa zaka zambiri lamulo linali lodikira kuti CD4 itsike kaye munthu asanayambe mankhwala. Mu 2015 kafukufuku wa START, wa anthu oposa 4,600 m'maiko 35, anaonetsa kuti kuyamba nthawi yomweyo kunachepetsa matenda aakulu ndi imfa ndi 57 peresenti, ngakhale mwa anthu omwe CD4 yawo inali pamwamba pa 500. Malawi inayamba kupereka mankhwala kwa aliyense wopezeka ndi kachilombo mu 2016. Lamulo linasintha, koma mitu yathu, makamaka ya ife abambo, idakali mu 2005. Timadikira kuti thupi litiuze. Thupi limadzanena mochedwa, pamene chiswe chafika kudenga.

Za kudumphadumpha mankhwala ndili ndi chitsanzo cha pakhomo. Msuweni wanga wina, yemwe ankapalasa kabaza kuno asanapite ku Joni, anamwa mankhwala bwinobwino zaka zinayi. Atauzidwa kuti kachilombo sikakuonekanso m'magazi, anamva ngati auzidwa kuti wachira. Ananyamuka ndi mabotolo a miyezi itatu, atatha sanafunenso ena, poti ankaopa kufunsidwa mapepala. Anabwera patapita chaka ndi theka, lamba ataboola mabowo awiri atsopano. Usiku woyamba ndinamumva akutsegula chitseko kasanu kupita kuchimbudzi, mvula ikugwa. M'mawa amayi ake anangoti, "Mwanawe, wabwera ndi zomwe zija." Anayambanso mankhwala ndipo lero ali moyo, akugwira ntchito, koma CD4 yake sinafikenso pomwe inali.

Nkhani ya munthu mmodzi si umboni, ndikudziwa. Umboni ndi kafukufuku wa SMART, wa anthu oposa 5,000 m'maiko 33, amene anafuna kuona ngati munthu angamapumire mankhwala CD4 ikakwera. Anauimitsa mu January 2006 nthawi isanakwane, chifukwa opumirawo ankadwala kapena kumwalira mowirikiza kuposa kawiri poyerekeza ndi omwa mosalekeza. Chodabwitsa chinali chakuti sankangodwala matenda a Edzi okha. Ankadwalanso mtima, impso ndi chiwindi. Atabwerera ku magazi osungidwa, ofufuza anapeza kuti amene anali ndi zizindikiro zokwera za kutupa kwa m'kati ndi kuundana kwa magazi, IL-6 ndi D-dimer, ndi omwe anali pa chiopsezo chachikulu cha imfa. Mu January 2025, boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake la kunja, anthu ambiri anayamba kunong'onezana zoti mwina azidumphitsa masiku kuti botolo likhalitse. Aliyense wogwira ndondomeko ya chuma cha dziko lino ayenera kudziwa kuti kusowa kwa mankhwala kwa mwezi umodzi si tchuthi, ndi kuyatsanso moto umene unatenga zaka kuti uzirale.

Tsopano ndifike pamene ndikufuna kukangana ndi a khonsolo komanso a zaumoyo. Ngati khoma la matumbo la munthu amene ali ndi HIV ndi lofooka kale, ndiye kuti chilichonse cholikanda ndi nkhani ya HIV. Kamwazi, njoka za m'mimba, likodzo, madzi a pachitsime chosatetezedwa. Mzuzu ndi mzinda wa mvula ndi madambo. Pitani ku Ching'ambo, Masasa kapena Salisbury Lines mu April muone momwe madzi amakwerera m'zimbudzi zokumba, ndi kutalika kwa mtunda wochoka pa chimbudzi kufika pa chitsime, nthawi zina masitepe khumi okha. Madzi a ku damu la Lunyangwa alipo pa kiyosiki, koma chidebe chilichonse ndi ndalama, ndipo pakati pa mwezi banja limabwerera ku chitsime. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unationetsa poyera zimene timamwa. Mliri umenewo unapita, koma tizilombo tating'ono tosalembedwa m'nyuzi tikumwedwabe tsiku ndi tsiku.

Ku Tororo ku Uganda, kafukufuku wofalitsidwa mu 2005 anapatsa mabanja a anthu omwe ali ndi HIV kolorini wothira m'madzi ndi chigubu cha kukamwa kopapatiza. Kutsekula m'mimba kunachepa ndi pafupifupi kotala. Chigubu ndi kolorini basi. N'chifukwa chiyani munthu akamatuluka pa kiliniki ya ma ARV ku Mapale kapena ku chipatala chachikulu atanyamula mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi sitingamupatsenso kabotolo ka Waterguard? Ndalama za Edzi zimayenda njira yawo, za madzi ndi zimbudzi njira yawo, misonkhano yawo ndi yosiyana, magalimoto awo ndi osiyana. Koma mimba ndi imodzi.

Chimodzimodzinso Bactrim, kamene ambiri amakanyoza kuti "kongoperekeza" n'kukasiya m'kabati. Ku Zambia mu 2004 kafukufuku anaonetsa kuti kanachepetsa imfa za ana omwe ali ndi HIV ndi 43 peresenti. Mu 2019 Claire Bourke ndi anzake, pofufuza ana a ku Zimbabwe ndi Uganda omwe anali kale pa ma ARV, anapeza kuti opitiriza kumwa Bactrim anali ndi kutupa kochepa m'thupi, ndipo mbali ina ya chifukwa chake inali yakuti mankhwalawa anachepetsa mtundu wina wa mabakiteriya m'matumbo. Ngati adokotala akupatsani, imwani.

Wina wodziwa nkhaniyi anganditsutse, ndipo ali ndi pogwira. Mu 2009 Andrew Redd ndi anzake, pofufuza anthu a ku Rakai komwe kuja, sanapeze kuti kuchuluka kwa LPS m'magazi kunkayendera limodzi ndi kufulumira kwa matenda. Ku America anayesa mankhwala opha mabakiteriya a m'matumbo otchedwa rifaximin, anayesanso sevelamer womanga LPS kuti asalowe m'magazi, ndipo phindu lake linali lochepa kwambiri. Mabakiteriya abwino a m'makapisozi, omwe masitolo ena amagulitsa modula, zotsatira zake zimasiyanasiyana. Ndikuvomereza. Matumbo si okha amene amaliza ng'oma. Palinso kachilombo kotsala kobisala m'thupi, kachilombo kena kotchedwa CMV komwe pafupifupi tonse kuno tili nako, TB, malungo, fodya. Koma taonani kumene kutsutsaku kukutifikitsa. Ngati akatswiri okhala ndi ndalama zonse zija alephera kupeza piritsi lomata khoma likang'ambika, bambo wa pa depoti uja walipeza kuti? Ndipo ngati lomata palibe, chotsala ndi kuteteza khoma lisanang'ambike kwambiri komanso kusalikandanso.

Botolo "lotsuka m'mimba" limachita zosemphana ndi zimenezi. Nthawi zambiri chimene anthu amatcha kutsuka ndi kutsekula m'mimba kochita kugula. Munthu amathamangira kuchimbudzi kanayi n'kumati mankhwala akugwira ntchito, pamene akutaya madzi ndi mchere, mwinanso piritsi lomwe anamwa m'mawa. Palinso china chimene anthu ambiri sauzidwa mokwanira. Kuyambira 2019 ambiri ali pa mankhwala okhala ndi dolutegravir, ndipo dolutegravir amamatirira ku calcium, iron, magnesium ndi aluminium, n'kulephera kulowa bwino m'magazi. Mankhwala a chilungulira, mapiritsi owonjezera magazi, ndi zosakaniza zambiri za "mavitamini" zili ndi zinthu zimenezi. N'chifukwa chake namwino amafunsa zina zimene mukumwa, ndipo ngati n'zofunika amakuuzani motalikitsira nthawi. Botolo lopanda chizindikiro cholemba zomwe zilimo, namwino angakulangizeni bwanji? Bungwe loona za mankhwala la PMRA lili ndi ntchito pa madepoti athu ndi pa Facebook.

Za chakudya sindichulutsa, poti pamenepa ndi pamene mabodza amamera. Palibe ndiwo yochiza HIV. Chodziwika n'chakuti mabakiteriya abwino a m'matumbo amadya zakudya za gaga ndi ulusi, n'kutulutsa timafuta tina tomwe maselo a khoma amadya. Mgaiwa, nyemba, nandolo, chigwada, nkhwani, mbatata, nthochi za ku Nkhata Bay, zonsezi zili pa Zigwagwa pamtengo wosafika wa botolo limodzi lija. Ufa woyera tinaukweza kukhala chizindikiro cha ulemu, koma gaga amene timapatsa nkhumba ndi amene matumbo akufuna. Chambiko cha kwathu ku Mzimba sindingachinenere zoipa, bola mkaka wake ukhale wowiritsa. Kachasu ndi timabotolo ta mowa waukali tija ndiye timaboola khoma ngakhale la munthu wopanda kachilombo.

Chinthu china chikubwera chimene sitinachikonzekere. Amene anayamba mankhwala mu 2004 ali ndi zaka 30 lero adutsa 50. Kamoto kotsala pansi pa phulusa kaja kamakalambitsa mitsempha ya magazi msanga. Mu 2023 kafukufuku wa REPRIEVE anaonetsa kuti piritsi la pitavastatin, lotsitsa mafuta m'magazi komanso kutupa, linachepetsa matenda aakulu a mtima ndi sitiroko ndi 35 peresenti mwa anthu omwe ali ndi HIV, ngakhale omwe sankaoneka kuti ali pa chiopsezo chachikulu. Kaya piritsilo lifika liti kuno, makina oyezera BP ndi shuga ayenera kukhala patebulo lomwelo pomwe munthu akulandirira ma ARV, osati kumutumiza kukaima pa mzere wina tsiku lina, atalipiranso kabaza.

Mayi aja anatsikira pa Mpamba. Kondakitala anawatsitsira thumba la ufa, iwo anakonza jumbo ya mabotolo ija kukhwapa kuti isanyowe, natsetsereka kanjira kolowera kumunsi, kudambo.